Nambala Yoyambira ya Che Sumani

Uthenga wa maliro a Che Sumani Yusufu unandipeza mochedwa, monga mmene zimakhalira ndi maliro a Chisilamu: munthu akatsikira kuli chete m'mawa, dzuwa lisanapendeke amakhala ataikidwa kale. Anandiuza ndi mayi wina wogulitsa tomato pamsika wa Balaka, wakwawo kwa Kalembo, ndipo anandiuza ngati nkhani yongodutsa, uku akundisankhira tomato wosaphwanyika. Anati mdala wa manambala uja wapita sabata yatha. Ndinamufunsa ngati anthu a ku ofesi yathu yakale anafikako. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa, ndipo zinalidi zopusa. Ofesi inawakwirira Che Sumani kalekale akadali moyo, ndipo ine ndinali mmodzi mwa amene anaponyapo dothi.

Ndinagwira nawo ntchito ku Liwonde, mu ofesi yoona za ulimi, nthawi ya chipani chimodzi. Gawo lathu linali loyeza zokolola. Boma silingalowe m'munda uliwonse, choncho tinkasankha minda yochepa, nkukhomamo zikhomo zinayi mvula ikangoyamba, ndipo pokolola tinkabwera ndi sikelo kudzapima chimanga chotuluka pakati pa zikhomozo. Kuchokera pa minda yochepayo akuluakulu ankadziwa ngati dera lakolola kapena ayi, ndipo chimanga cha chithandizo chinkapita kumene mapepala athu aloza. Ine ndinkayang'anira oyeza a kwa Kalembo. Che Sumani ndi amene ankatiphunzitsa tonsefe kasankhidwe ka mindayo.

Anali munthu wamfupi, wouma thupi, wa mzuli woyera ndi jekete limodzi la khaki lotha m'zigongono. Kwawo kunali kwa Kalembo komweko, kumene mlongo wawo Abiti Yusufu ankasunga mudzi, koma anakwatira ku Chikweo. Sukulu anaiyamba ndevu zitayamba kale kumera, chifukwa bambo awo ankaopa kuti ku mishoni akawasintha dzina. Mwina nchifukwa chake manambala ankawagwira ngati chinthu chimene anachipeza movutikira. Sindinganame kuti tinkawakonda, chifukwa ankatopetsa. Kumudzi sankadya pakhomo pa munthu amene tikumuyeza munda. Ife tikamatafuna nkhuku, iwo ankakhala patsinde pa mtengo ndi chinangwa chawo chophika, atatifulatira, ndipo nkhukuyo inkasiya kukoma.

Anali ndi mfundo ziwiri zimene ankatibwerezera mpaka makutu kuwawa. Yoyamba inali yakuti diso la munthu ndi mbala: limathamangira munda wa pamsewu, wa mwini wake womwetulira, wa pakhomo pamene pakununkhira ndiwo. Choncho munthu asasankhe yekha, asankhe ndi maere, chifukwa maere alibe mlamu. Yachiwiri inali yakuti ntchito imene mnzako sangathe kuibwereza nkupeza zomwe wapeza iweyo si ntchito, ndi mphekesera chabe. Makina a kompyuta asanabwere tinali ndi kabuku kodzaza manambala osokonezeka, opanda mutu ndi mchira. Nyumba za m'mudzi tinkazilemba mu kaundula, iliyonse ndi nambala yake. Pofuna kusankha, unkatsinzina nkugwetsa nsonga ya pensulo patsamba, ndipo manambala otsatira pamene yagwerapo ndiwo anali nyumba zako. Koma usanayambe kuwerenga, Che Sumani ankafuna ulembe pamwamba pa fomu tsamba ndi mzere umene pensulo yagwera, kuti wina aliyense athe kudzatsata phazi lako. Woiwala ankabwezedwa, ngakhale atachokera ku Chikweo pa njinga yakapalasa.

Mkangano wawo waukulu ndi bwana wa ofesi yathu, amene sinditchula dzina chifukwa ana ake akadalipo, unachitikira ku Phalula. Kunabwera alendo ochokera kunja kudzaona mmene timagwirira ntchito, ndipo bwanayo anali atakonzeratu munda wokongola m'mbali mwa tala, chimanga chakuda bii, zitsononkho ziwiriziwiri. Galimoto zitaima, Che Sumani anatulutsa pepala m'thumba, nanena pamaso pa alendo kuti munda umenewo suli pa mndandanda. Anawatsogolera ndi nsapato zawo za m'tauni, ola lathunthu m'matope ndi m'chisoso, kukafika m'munda wa mayi wina wamasiye, mmene chimanga chinali cholekeza m'mawondo ndipo kaufiti atayanga maluwa ake ofiira ponseponse. Alendo anayamikira. Bwana anamwetulira njira yonse, koma ife omudziwa tinaona kuti wasunga chakukhosi.

Komaliza kuwaona Che Sumani kunali pa siteji ya basi ku Ulongwe, zonse zimene ndifotokozezi zitapita kale. Anali atakhala pa thumba la makaka, mano akutsogolo palibe. Ndinafuna kuzemba kuseri kwa minibasi, koma anandiona.

"A Makwinja, mwakalambatu," anatero.

"Eya, Che Sumani, masiku apita."

"Ana kunyumba?"

"Ali bwino, kaya kwanuko?"

"Tilipo, Mulungu akusunga."

Basi, nkhani inathera pomwepo. Anatembenuka nkumakambirana ndi kondakitala za malo oika thumba lawo. Ndikanakonda akananditukwana pagulu paja, chifukwa kutukwana munthu umakuyankha, kapena umalira, nkutha. Moni uja ndakhala naye pakhosi kufikira lero.

Kompyuta inafika mu ofesi yathu zaka zomalizira za ulamuliro uja. Anaipatsa chipinda chake, makatani ake, ndi nsalu yoifunditsa ngati wodwala malungo. Tonse tinkaganiza kuti mdala wa pensulo aikana, koma ndiye anaikonda kuposa achinyamata ochokera ku makoleji. Chimene chinawagwira mtima ndi chakuti inkachita maere. Inkafunsa kuchuluka kwa nyumba za mu kaundula, kenako nkufunsa nambala yoyambira, iliyonse imene munthu wafuna, ndipo inkasindikiza mndandanda wa nyumba zoyenera kuyezedwa. Ukasintha nambala yoyambira, nyumba zinkasintha. Ukalemba nambala yomwe ija, zinkatuluka nyumba zomwe zija, lero, mawa, ngakhale chaka chamawa. Ndinawaona akuyesa zimenezi kasanu motsatizana, akuseka okha ngati munthu amene wapeza mbuzi yake yosowa.

Anakhala pansi nkulemba buku la malangizo, lamasamba ochepa, m'mawu osavuta, kuti ngakhale ife a mitu youma tithe kusankha minda popanda wotigwira dzanja. Pakati pa bukulo anaikapo chitsanzo: mudzi wongopeka, nyumba zakutizakuti, nambala yoyambira 43, ndipo pansi pake analemba nyumba zimene ziyenera kutuluka. Pa maphunziro aliyense ankakhala pa makina nkulemba 43, ndipo amene mndandanda wake wasiyana ndi wa m'buku ankadziwa yekha kuti wadina polakwika. Ntchito ya 43 inali yomweyo basi, kuti wophunzira ali yekha, mphunzitsi palibe, athe kudziyesa. Wina anafunsa chimene anasankhira nambala imeneyi. Che Sumani anaimirira, anatembenuza mpando wawo miyendo m'mwamba, natisonyeza nambala yomweyo, imene a zakatundu wa boma anapaka kunsi kwake ndi penti yoyera. Tinaseka mpaka misozi. Mkati mwa kusekako ananena kuti nambalayo ilibe tanthauzo, ndi ya chitsanzo chokha, ndipo pa ntchito yeniyeni aliyense atole yake. Ananena ndi pakamwa, kamodzi, anthu akuseka. M'buku sanalembemo, chifukwa kwa iwo zinali zoonekeratu. Ankati palibe amene amalemba pa khasu mbali yogwira.

Kumeneku ndiye kunali kulakwa kwawo, ndipo sindikubisa. Anali munthu wanzeru amene sankamvetsa kuti anzake si opusa kwenikweni, koma amantha. Inu amene simunaone masiku amenewo, mvetsani izi. Munthu ankapulumuka potsata zolembedwa. Ukaganiza wekha nkulakwitsa, mlandu unali wako ndi ana ako. Ukatsata buku nkulakwitsa, wolakwa ndi buku. Ndiye nyengo yosankha minda itafika, Che Sumani atatumizidwa kukaphunzitsa ku maboma ena poti buku linalipo lowaimirira, tinafola pa khomo la chipinda cha makina. Woyang'anira wa ku Chikweo analowa poyamba. Atafika pa funso la nambala yoyambira anaima, anasuzumira kumbuyo, anatsegula buku, nalemba 43. Ine ndinabwera pambuyo pake ndipo ndinalemba 43. Wa ku Phalula chimodzimodzi. Ndipo poti tinali ophunzira abwino, aliyense analemba nambalayo pamwamba pa fomu monga anatiphunzitsira, mafomuwo nkukatsekeredwa m'kabati mmene ankawerengamo ndi mphemvu zokha.

Kaundula wa nyumba sankalembedwanso, ankati mafuta a galimoto palibe. Choncho chaka chachiwiri zinatuluka nyumba zomwe zija. Ndinaona, sindinganene kuti sindinaone. Koma zinandikomera. Njira ndinali nditazidziwa, agalu a m'makomomo anali atasiya kundiuwa, ndipo pakhomo pa Abiti Saidi, mmodzi mwa osankhidwawo, nkhuku inkafa ndikangotsamiritsa njinga. Alangizi a zaulimi nawonso anaona, ndipo iwo ankakwezedwa pa ntchito potengera zomwe sikelo yathu yanena. Munthu safuna kumuuza kawiri zotere. Mbewu yocha msanga ndi feteleza zinayamba kufikira m'nyumba zimenezo, mlangizi ankapondako sabata iliyonse, ndipo mvula yoyamba ikangogwa ankafika m'mamawa kudzaonetsetsa kuti adzala. Anthu a m'mudzi ankazitcha nyumba za makina. Palibe amene anapangana ndi mnzake, palibe msonkhano umene unachitika. Aliyense anangotsetsereka kumene kunali kosavuta.

Chaka chachitatu mvula inayamba bwino, nkudula chimanga chikungomasula kumene. Amene anadzala mochedwa mbewu ya makolo, poti masiku oyamba anathera pa ganyu m'minda ya eni, anakolola mapesi. M'nyumba za makina chimanga chinali chitakhwima kale. Tinapima moona mtima, sitinaonjezepo ngakhale chitsononkho chimodzi, ndipo lipoti linatuluka lonena kuti kwa Kalembo chakudya chilipo chokwanira. Ine ndinkadutsa m'minda youma popita kukapima minda yabwinoyo, ndipo ndinkangoyang'ana tayala lakutsogolo. Masiku amenewo mawu akuti njala anali oopsa kuposa njalayo. Tinkati chakudya chachepa pang'ono, ndipo ngakhale zimenezo tinkanena titasuzumira uku ndi uku.

Mwezi wa dzuwa lotentha, mvula isanagwe, kunamwalira mdzukulu wa Abiti Yusufu, kamwana kongoleka kumene kuyamwa, katatupa mapazi ndi masaya. Che Sumani, monga mwini mbumba, anapalasa njinga kukaika maliro. Pakhomo pa mlongo wawo panalibe chophikira anthu obwera kudzapepesa. Pochokera kumanda anadutsa kuseri kwa nyumba ina, naona nkhokwe yodzaza mpaka pakamwa, ndipo m'munda wa pafupi munali zikhomo zathu, zina zatsopano, zina zakale, zitaima moyandikana. Panali pa Abiti Saidi, ndipo ndi iwo amene anadzandifotokozera pambuyo pake zimene anakambirana.

"Amama, zikhomo izi nzachaka chino?"

"Izi nzachaka chino, ambuje. Izo nzachaka chatha, zodyeka ndi chiswezo nzadzana lija. Sitizula n'komwe, timadziwa kuti abweranso."

"Amabwera chaka chilichonse? Pakhomo pano pomwe?"

"Eetu. Akuti makina amatikonda. Ife tingoti alihamudulila."

"Nanga kwa achemwali anga uko, anafikako?"

"Iyayi, ambuje, kumeneko makina sakudziwako."

M'mawa mwake, dzuwa lili paliwombo, anafika kwathu akadali mu mkanjo wa kumaliro, fumbi mpaka m'nsidze. Ndinawatulutsira mpando, anakana. Madzi anakananso.

"A Makwinja, pa makina paja mumalemba nambala yanji?"

"Ya m'buku, Che Sumani."

"Zaka zonse zitatu?"

"Eya. Si mmene munalembera?"

"Ndipo nyumba zikamatuluka zomwezomwezo, inu simunadabwe?"

Ndinayankha chinthu chimene ndimachita nacho manyazi kufikira lero. Ndinati ndimaganiza kuti mwina ndi mmene boma likufunira. Ndinayembekezera kuti akalipa, poti kukalipa ankakudziwa. M'malo mwake anakhala pansi pafumbi, pafupi ndi mpando umene anaukana uja, navula mzuli. Zaka zonse zija ndinali ndisanaonepo mutu wawo uli pamtunda. Unali ndi dazi laling'ono pakati, ndipo ndinayang'ana kumbali.

"Ndinaiwala kuti ndikulembera anthu amantha," anatero, osati kwa ine kwenikweni. "Mwana uja ndamuika dzulo ndi dzanja lomwe linalemba bukulo."

Sanataye nthawi ndi kulira, chifukwa mvula inali pafupi, ndipo ikagwa misewu ya kumidzi inkatsekeka mpaka mwezi wokolola. Chimanga chikanati chifike kwa Kalembo, chinayenera kunyamuka masabata omwewo. Anabwerera ku Liwonde, anapempha mayi wosesa mu ofesi kuti atchule nambala iliyonse imene yamubwerera m'mutu, anailemba pamwamba pa pepala, naipereka ku makina. Zinatuluka nyumba zina. Anatenga tchuthi nkuyamba kuzilondola imodziimodzi pa njinga, kusuzumira m'nkhokwe ndi kuvundukula miphika. Anandipempha kuti ndiwaperekeze, poti midziyo inali yanga. Ndinati akazi anga akudwala, pamene akazi anga anali ali pa mtondo kuseri akusinja. Anangoti Mulungu awachize, nakwera njinga.

Anayenda okhaokha masabata awiri. M'nyumba zambiri anapeza nkhokwe zoti nkhuku zikugonamo, anthu akuphika mango aawisi, amuna atapita kukalima minda ya ena kuti alandire madeya. Analemba zonse pa masamba ochepa, nyumba ndi nyumba, mwaukhondo monga mwa masiku onse. Mzere woyamba unanena kuti kulakwa kunayambira pa buku limene analemba iwo. Mzere womaliza unapempha kuti lipoti likonzedwe ndipo chimanga chitumizidwe mvula isanatseke njira.

Ndinalipo tsiku limene anapereka pepalalo kwa bwana, poti ndinaitanidwa monga woyang'anira deralo. Bwana anawerenga mpaka kumapeto, anavula magalasi, nauza mesenjala kuti atseke chitseko.

"Che Sumani, lipoti linapita kale kumtunda. Linawerengedwa pa msonkhano, amayi anavina. Mukufuna ndikauze akuluakulu kuti anthu anavinira bodza?"

"Bwana, ine ndikufuna mukawauze kuti atumize chimanga. Zovinazo zinachitika kale."

"Nanga nambala imeneyi anaika m'buku ndani?"

"Ndine."

"Ndiye mukuona kumene nkhaniyi ikupita? Mukapitiriza, munthu amene wanamiza boma zaka zitatu ndinuyo. Ng'ambani pepalali, mdala. Chaka chamawa tisintha nambala mwakachetechete, palibe adziwe."

"Chaka chamawa ndi kutali kwa munthu amene akudya mango, bwana. Tiyeni pa makina. Mulembe 43 ndi dzanja lanu, muone nyumba. Mulembe iyi, muone nyumba. Kenako tikwere galimoto tikasuzumire m'nkhokwe. Simukuyenera kukhulupirira ine, mukaone nokha."

Pamenepo ndi pamene panagona chikhulupiriro chawo chonse, chakuti chinthu chimene munthu aliyense angathe kuchibwereza sichingakanidwe. Sanaganize kuti munthu akhoza kungokana kudzuka pampando. Chipinda cha makina chinali zitseko ziwiri kuchokera pamene tinakhala, ndipo bwana sanapiteko. Anatembenukira kwa ine nkufunsa ngati m'dera langa muli njala. Ndinati chakudya chachepa pang'ono. Che Sumani sanandiyang'ane. Anatenga pepala lawo, anasaina pamaso pathu, ndipo madzulo omwewo analiponya ku positi kupita kumtunda, kulumpha mutu wa bwana.

Yankho linabwera msanga, koma silinali chimanga. Anabwera amuna atatu pa galimoto imene sitinkaidziwa, nakhala mu ofesi ya bwana, nkumatiitana mmodzimmodzi. Za nkhokwe sanafunse. Funso linali limodzi lokha: anakuuzani kuti muzilemba 43 ndani? Wa ku Chikweo anati buku la Che Sumani. Wa ku Phalula anati buku la Che Sumani. Ine ndinati buku la Che Sumani. Sindinaname, ndipo chimene chimandiwawa nchimenecho, kuti munthu ukhoza kumupereka mnzako osanena bodza ngakhale limodzi. Ndikanatha kuonjeza kuti ananena ndi pakamwa kuti tizitola yathu, kuti ndinaona nyumba zikubwerezedwa, kuti minda youma ndinkaidutsa ndi maso anga. Ndinakumbukira ana anga, ndinasaina, ndinatuluka.

Pa kalata yonse ija anatengapo mzere woyamba wokha. Anawaimba milandu iwiri: kusokoneza manambala a boma, ndi kufalitsa mphekesera zakuti m'dziko muli njala. Ngakhale mwana akanaona kuti milandu iwiriyi singakhale yoona pamodzi, pakuti ngati manambala anali osokonezeka ndiye kuti njala inalipo, ndipo ngati njala kunalibe ndiye kuti manambala anali bwino. Koma amuna aja sanabwere kudzaganiza. Anawatenga Lachisanu masana, atasamba kale m'manja ndi m'mapazi, akutuluka kupita ku mzikiti. Tonse tinali pa mawindo. Bwana anadutsa m'khonde nkutiuza kuti tibwerere ku ntchito.

Mvula inagwa, misewu inatsekeka, ndipo chimanga sichinabwere kwa Kalembo nyengo imeneyo. Pakhomo pa Abiti Yusufu panatuluka maliro ena awiri mwini mbumba palibe. Ine ndinkakumana ndi jeneza panjira, nkutsika pa njinga mwaulemu, maliro akadutsa nkukweranso kupita kukakhoma zikhomo pa Abiti Saidi. Inde, pomwe paja. Bukulo silinachotsedwe. Analipangira chikuto chatsopano chopanda dzina la mlembi, koma 43 inatsala pamalo pake, chifukwa bwana anati kuisintha kukhala ngati kuvomereza kuti wamndende ananena zoona. Chaka chimenecho tinafolanso pa khomo la makina, tikudziwa zonse tsopano, ndipo tinalemba 43.

Anatuluka m'ndende patatha miyezi yambiri, ali ndi chifuwa chimene sichinawasiyenso. Ku ofesi sanapondeko. Anakakhala ku Chikweo kwa akazi awo, ndipo akaziwo atamwalira anabwerera kwa mlongo wawo, nkumalima chinangwa. Ndimamva kuti anthu ankabwera nawo mafomu a kuchipatala ndi a kusukulu, ndipo ankawalembera mosanyinyirika. Koma wina akati amusonyeze chitsanzo kuti mawa azilemba yekha, ankakana kwamtuwagalu, nkumuuza kuti abwerenso mawa amulembere. Munthu amene anaphunzitsa maboma angapo anafa akuopa kuphunzitsa. Pamene bwana uja anamwalira, galimoto zinadzaza msewu, ndipo olankhula anati dziko lataya katswiri wokonda chilungamo. Ndinalipo, ndinadya mpunga wake. Ndikamva anzanga opuma pa ntchito akuusa moyo kuti kale kunali mwambo, anthu ankamvera, ndimafuna kuwafunsa kuti kumverako kunadyetsa ndani, koma ndimangokhala chete, poti kukhala chete ndi luso limene ndinaliphunzira bwino.

Nditamva za maliro pamsika paja, m'mawa mwake ndinakwera kabaza kupita kwa Kalembo. Sindikudziwa chimene ndinkakafuna. Abiti Yusufu anamwalira zaka zapitazo, ndipo mbumba imene inapulumuka inabalalika, ena ku Blantyre, ena ku Joni. Nyumba ya Che Sumani ndinaipeza yomangidwa ndi waya pachitseko. Pakhonde panali malo osalala pamene pankakhala mphasa, ndi birika la madzi osambira asanapemphere swala litagwa chammbali, nyerere zikulowa ndi kutuluka pamlomo pake. Nkhokwe inalibe denga, mbuzi za oyandikana nawo zitagona pansi pake. Chinangwa chawo kuseri chinali chikadali chobiriwira, chopaliridwa mizere isanu ndi theka, khasu lili pomwe analekezera.

Pachitseko panali nambala yolembedwa ndi choko, yatsopano, ndipo inali yodulidwa ndi mzere pakati. Chizindikiro chimenecho ndimachidziwa. Chimatanthauza kuti pakhomo sipanapezeke munthu. Mayi wa nyumba yoyandikana, atandiona ndaima nthawi yaitali, anabwera akupukuta manja pa chitenje.

"Analemba ndi anyamata ena a kafukufuku, anabwera ndi mafoni patatha masiku atatu titaika," anatero. "Akuti makina awo asankha nyumba imeneyi. Chikhalireni ine pano, aka kanali koyamba."

Ndinafunsa chimene ankafuna.

"Akuti amafuna adziwe ngati pakhomopa chakudya chilipo chokwanira. Anagogoda kawiri, analemba, nkupita nyumba yotsatira."